Kalonga wa pa katondo: masiku asanu ku Santiago

Lachinayi, 2 Malichi 2023

Msonkhano umene unandibweretsa kuno ku Santiago, likulu la dziko la Chile, watha dzulo, ndipo anzanga anyamuka m'mawa uno. Ine ndasunthira tikiti yanga ku Lachiwiri. Mayi akunyumba ndawauza kuti ndatsalira kuona minda ya mphesa, poti tinabwerera za ulimi wothirira. Akawerenga izi adziwa kuti ndinawapusitsa. Ndatsalira tenesi.

Amene tinakulira limodzi simudabwa. Ndili mnyamata ndinkatola mipira pa kalabu ina ku Blantyre Loweruka lililonse, chosavala nsapato, malipiro ake Fanta ndi timakobidi tokwerera basi. Raketi yanga yoyamba inali yathabwa, yothyoka pakhosi, ndinachita kuimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Chikhalireni akatswiri enieni ndimangowaonera pa TV. Ndiye Lolemba nditaona chikwangwani cha mpikisano wa tenesi wa Chile Open mu siteshoni ya sitima yapansi panthaka, mtima sunakhalenso m'malo, moti zimene zinakambidwa pamsonkhano tsiku limenelo musandifunse.

Mu hotela ndatulukamo, ndalama za msonkhano zathera pomwepo. Ndapeza kachipinda ku Ñuñoa, m'nyumba ya mayi ena achikulire, amasiye, amene amakhala ndi mdzukulu wawo wamkazi wa ku yunivesite. Mtsikanayu ndiye amatimasulira. Amayiwo atamva chimene ndatsalira anaomba m'manja n'kutchula dzina limodzi lokha: Nico. Ameneyo ndi Nicolás Jarry, wobadwira mumzinda uno pa 11 Okutobala 1995. Kenako anakweza chala. Akuti mwanayo sindingamumvetse ndisanaone kumene ankasewera agogo ake, ndipo si patali, ndipite wapansi.

Ndapita. Ndi ku Estadio Nacional, bwalo la zamasewera la dziko lino, koma ndangozungulira kunja kwa mpanda, chifukwa mkati muli fumbi ndi makina okhaokha, akukonzekera masewera a Pan American a mu Okutobala. Agogo akewo ndi a Jaime Fillol, bambo a mayi ake, amene m'zaka za m'ma 1970 anafika pa nambala 14 padziko lonse. Mu Disembala 1976 iwo ndi Patricio Cornejo ananyamula Chile mu fainolo ya Davis Cup (mpikisano wa matimu a mayiko), yokhayo imene dziko lino lafikapo, pabwalo la tenesi la mumpanda womwewu. Italy inapambana 4-1. Inali nthawi ya Pinochet, msilikali amene ankalamulira dziko lino mwankhanza. Soviet Union inakana kusewera nawo semifainolo, Chile n'kudutsa osagwira raketi. Ku Italy anthu ankachita zionetsero kuti timu yawo isapite, ndipo Adriano Panatta ndi Paolo Bertolucci, posewera awiriawiri, analowa m'bwalo atavala malaya ofiira potsutsa ulamulirowo.

Nditabwerako amayi aja anandifunsa ngati ndaona mabenchi. Mabenchi ati? Mdzukulu ndiye anafotokoza. Asilikali atalanda boma pa 11 Seputembala 1973, bwalo lalikulu la mpira analisandutsa ndende, anthu zikwizikwi anatsekeredwamo. Ndiye kuli kachigawo ka mabenchi akale amatabwa kamene anakasiya mmene kanalili, ndipo sipakhala munthu ngakhale bwalo lidzaze chotani. Amayiwo sanawonjezerepo kanthu. Ananyamuka kukatereka madzi a tiyi, inenso ndinasiya kufunsa.

Kunja kukutentha ngati Okutobala wa kwathu, koma mouma. Pamsewu ndagula chakumwa chimene amati mote con huesillo: madzi ozizira a shuga, pichesi louma lowiritsa, ndi tirigu wophika pansi pa kapu. Umamwa, kenako n'kudya ndi supuni. Thobwa ali ndi mbale wake kuno.

Lachisanu, 3 Malichi

Kuti ufike kumene kukuchitikira mpikisano umakwera sitima mpaka kumapeto kwa Line 1, ku Los Dominicos, kenako basi yokwera mtunda kulowera kumapiri a Andes. Ukakhala pawindo sufunika kuuzidwa kanthu. Basi ikamakwera mipanda ikutalika, udzu ukubiriwira ngakhale mvula sikugwa, magalimoto akukula. Amene tinali m'basimo ambiri anali azimayi opita kukagwira ntchito m'nyumba zimenezo. Kuno chuma chimakhala kumtunda, kum'mawa kwa mzinda.

Malo ake ndi San Carlos de Apoquindo, a kalabu ya Universidad Católica. Bwalo lalikulu dzina lake ndi Jaime Fillol. Woyendetsa mpikisano wonse ndi Catalina Fillol, m'bale wa mayi ake a Jarry, amene kwathu tikanangoti ndi mayi akenso. Mnyamatayu akanakhala Mchewa sipakanakhala chokambirana, mwana ndi wa kuchikazi, ndipo pano akusewera pakhomo pa mbumba yake. Atolankhani akuno amamutcha Príncipe, ndiye kuti Kalonga.

Ndinene chilungamo, ndinalowa pageti ndili ndi kanthu kukhosi. Ana otere ndimawadziwa. Ndinkawatolera mipira. Mwana wa kumpanda, raketi zitatu m'chikwama, akaphonya mpira amakalipira iwe wotola. Ndinadziuza kuti ndabwera kudzaona tenesi, kuchemerera ndiwasiyira eni ake.

Bwalo ndi lofiira ngati katondo wa ku Thyolo, koma si dothi wamba, ndi njerwa zoperapera zothiridwa pamwamba. Seti (chigawo cha masewera) ikatha anyamata amalowa ndi mapaipi kuthirira, ena akukoka chiukonde chosalazira, ena akusesa mizere yoyera ndi tsache. Ndinawayang'anitsitsa kwambiri anyamata amenewa, ndi otola mipira omwe: yunifolomu, zipewa, nsapato zofanana. Kukwera kwa malowa n'kofanana ndi kwa Blantyre, pafupifupi mamita 1,000, ndipo mpweya ukapepuka choncho mpira umathamanga kuposa kunyanja. Katondo amachedwetsa mpira, phiri limaufulumizitsa. Amene ali ndi sevu yamphamvu pano ndi pake.

Ndiye analowa. Anzanga, munthuyu ndi mlongoti, pafupifupi mamita 2, ndipo amayenda mowerama pang'ono ngati akupepesa chifukwa cha kutalikako. Akaponya mpira m'mwamba kuti aseve umamva phokoso limene TV siitulutsa, phaa, ngati thabwa lathyoka, fumbi lofiira n'kudumpha kutsidya. Sakonda kukokerana mpira nthawi yaitali. Amafuna zithe msanga, sevu kenako chimbama cha dzanja lamanja, basi. Zikalowa palibe wobweza. Zikapanda kulowa mpira umakagwera kutali moti ochemerera amagwira kumutu. Lero zonse ziwiri ndaziona, ndipo Yannick Hanfmann wa ku Germany wamutulutsa thukuta asanagonje.

Kufika ndime ya makotafainolo ino anali atachotsa kale Juan Pablo Varillas wa ku Peru ndi Diego Schwartzman wa ku Argentina, uja wamfupi amene anafikapo pa nambala 8 padziko. Sabata yatha ku Rio de Janeiro anayambira m'masewera odzigulira malo, n'kukafika semifainolo, kumene analanda seti yoyamba kwa Carlos Alcaraz asanagonje. Ndiye miyendo imeneyi yasewera masabata awiri osapuma kwenikweni.

Za kuchemerera. Tenesi imene ndinaphunzira ine inali ya chete, ukatsokomola bwana akukuyang'ana. Kuno ayi. Munthu mmodzi amaimirira n'kukuwa zilembo, C, H, I, khamu n'kuyankha "Chi!", kenako L, E, "Le!", ndiye onse pamodzi, "Chi chi chi, le le le, viva Chile!" Woimbira amapempha bata, anthu amamvera kwa mphindi imodzi. Ine Mchewa kumva bwalo lonse likuti chi, chi, chi, ndinaseka ndekha, ngati akufuna kuyamba kutchula chilankhulo changa koma akuiwala kumapeto kwake. Sindinakuwe nawo. Ndinaomba m'manja mwaulemu.

Loweruka, 4 Malichi

M'mawa ndinaperekeza amayi kumsika wa La Vega, tsidya la mtsinje wa Mapocho. Chimanga chachiwisi cha kuno n'chachikulu ngati mkono. Agula chambiri, akuti mawa aphika pastel de choclo.

Nkhani yeniyeni ndaimva madzulo, ndili pampando. Pafupi nane panakhala bambo wina wa imvi, mphunzitsi wopuma pantchito, wodziwa Chingerezi. Nditamuuza maganizo anga a mwana wa kumpanda sanakwiye. Anavomera kuti inde, banjalo ndi lopeza, ndipo ku Chile tenesi ndi ya opeza, kupatula ochepa. Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa kumene mnyamatayo anali zaka zitatu zapitazo, sabata ngati ino.

Zinayenda motere. Mu 2018 anafika fainolo ku São Paulo, n'kugonja kwa Fabio Fognini. Mu 2019 anagonjetsa Alexander Zverev ku Barcelona, anafika fainolo ku Geneva kumene Zverev yemweyo anamubwezera, kenako mu Julayi anatenga chikho chake choyamba ku Båstad, ku Sweden, n'kukwera kufika pa nambala 38. Zaka 23 zokha. Mu Novembala chaka chomwecho, ali ku Madrid ndi timu ya dziko lake ku Davis Cup, anamuyeza mkodzo monga amachitira ndi osewera onse. Munapezeka mankhwala awiri oletsedwa, ligandrol ndi stanozolol, amene amakuza minofu. Mu Januwale 2020 anamuimitsa. Iye anati zinachokera m'mavitamini amene anamukonzera ku Brazil, amene anaipitsidwa popanga. Bungwe la ITF, loyang'anira tenesi padziko lonse, linavomereza kuti sanachite dala, komabe linati wosewera ndiye mlonda wa chilichonse cholowa m'thupi mwake, ndipo linamuletsa kusewera miyezi 11, mpaka pakati pa Novembala 2020.

Apa bamboyo anandigwira bondo. Chile inakhala yopanda mpikisano wa ATP, bungwe la akatswiri a tenesi aamuna, kuyambira pamene wa ku Viña del Mar unatha mu 2014. A banja la Fillol ndi amene anaubwezeretsa, ndipo unayambiranso mu Febuluwale 2020, pabwalo lino, la dzina la agogo ake. Mwana wa pakhomo, amene aliyense ankayembekezera kudzamuona, anali woletsedwa kusewera. Phwando la kwanu, iwe uli kuseri kwa nyumba.

Kodi ndikumukhulupirira? Ndaganizapo. Wosewera aliyense akagwidwa amaloza botolo la mavitamini, ndipo amene ali ndi ndalama za maloya ndi zoyezetsa mabotolowo ndi amene amamveka. Mnyamata wosauka atagwidwa ndi zomwezo akanalandira chilango chachitali, chifukwa chosowa umboni, izi ndilibe nazo chikaiko. Koma amene anaunika umboniwo anati si dala, ndipo ine ndilibe choposa chimene anaona iwowo. Chimene chandikhudza n'china: mmene mndandanda wa tenesi ulili wopanda chisoni. Mapointi amakhala masabata 52 okha, kenako amafufutika. Palibe kalabu yokulipira mwezi ukatha ngati ku mpira wamiyendo. Ndege, hotela, mphunzitsi, zonse n'zam'thumba mwako. Ukakhala m'gulu la osewera pafupifupi 100 apamwamba umalowa mwachindunji m'mipikisano ikuluikulu inayi, kumene kuli ndalama. Ukatsika, umakasewera timipikisano ta Challenger kumene owonera amawerengeka ndi zala. Jarry anabwerera atagwera pansi penipeni, dzina la agogo silikuwonjezera pointi ngakhale imodzi. Mu 2021 anatenga zikho ziwiri za Challenger, ku Salinas ku Ecuador ndi ku Lima. Zaka ziwiri zathunthu akukwera pang'onopang'ono, munthu amene anagonjetsapo Zverev.

Tikukamba choncho masewera anali atayamba, ndipo zinthu sizinali bwino. Jaume Munar wa ku Mallorca ndi mtundu wa osewera amene amabweza chilichonse, ngati khoma lokhala ndi miyendo. Seti yoyamba anaitenga ngati akutola nkhuni. Jarry ankaoneka wolemera, mipira ikuthera mu neti. Bwalo linazizira. Mayi wina kutsogolo kwathu anaphimba nkhope ndi mbendera. Seti yachiwiri inakafika ku tie-break, kampikisano kothetsa seti akafanana 6-6, mlongoti uja n'kudzuka, ndipo yachitatu inali ya munthu mmodzi.

Sindikudziwa kuti zinayamba nthawi yanji. Ndinangozindikira ndili chiimire, pakamwa pali "le le le". Mphunzitsi uja anandiyang'ana chammbali, osanena kanthu.

Lamulungu, 5 Malichi

Pastel de choclo ndi chimanga chachiwisi chopera, chowotchedwa m'mbale yadothi, pansi pake nyama, anyezi, nkhuku, dzira ndi zipatso za olivi, pamwamba shuga. Shuga pa ndiwo! Ndinadya mbale yonse n'kupempha ina.

Patebulo amayi anandipatsa mbiri yonse, mdzukulu akumasulira mpaka chakudya chake chinazizira. Marcelo Ríos, wamanzere, amene mu Malichi 1998 anagonjetsa Andre Agassi ku Key Biscayne, ku America, n'kukhala nambala 1 padziko, woyamba wa ku Latin America pa mndandanda wa ATP wa amuna, anthu n'kudzaza misewu mpaka ku La Moneda, nyumba ya boma. Amayiwo akuti analibe ulemu mnyamata ameneyo, koma dzanja lake linali la mfiti. Kenako Athens 2004, ndipo apa anaika foloko pansi. Chile inali isanapatepo mendulo yagolide pa Olimpiki chiyambire. Nicolás Massú ndi Fernando González anaitenga posewera awiriawiri usiku kwambiri, Ajeremani atatsala pointi imodzi kuti apambane, kanayi konse. Kutacha, Massú yemweyo, tulo tosakwana, anasewera maseti asanu ndi Mardy Fish n'kutenganso yagolide. Malemu amuna awo akuti analira ngati mwana. Ndinamvetsa tsopano chimene anyamata a lero, Jarry, Cristian Garín amene anatenga chikho chino mu 2021, ndi Alejandro Tabilo, akusenza. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Dziko la anthu osakwana 20 miliyoni linalawa kale nambala 1, ndiye wa nambala 50 amamuona ngati sakulimbikira.

Amayi sanapite kubwalo, akuti mtima wawo sungapirire. Anandipatsa kambendera kuti ndikagwire m'malo mwawo.

Fainolo inali ya milongoti iwiri. Tomás Martín Etcheverry wa ku La Plata, Argentina, nayenso ndi wamtali, ndipo inali fainolo yake yoyamba ya ATP. Chile ndi Argentina ndi anansi a mpanda umodzi, ndipo mukudziwa mmene anansi amakhalira pa masewera. Mipando inadzaza dzuwa lisanapendeke, mapiri kumbuyo kwa bwalo akusintha mtundu, kuchoka pa bulawuni kupita ku kufiira kofanana ndi bwalolo.

Seti yoyamba palibe anafuna kusiya sevu yake mwachisawawa. Inakathera ku tie-break, ndipo Etcheverry anaitenga. Mnyamata wa ku Argentina uja sankaoneka wamantha ngakhale pang'ono, anthu zikwi akumukuwiza, iye akungopukuta nkhope ndi thawulo, kuyang'ana zingwe za raketi yake. Ndinamulemekeza. Yachiwiri inapitanso ku tie-break, ndipo apa ndiye chikho chinali chitayang'ana kutsidya la mapiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinaona pamenepo chimene sindikhulupirira kuti makamera anachigwira. Jarry asanaseve pointi ina yovuta, kamtsikana kotola mipira kanamuponyera mpira umene unamuphonya n'kugubuduka. Ine thupi linauma, chifukwa ndikudziwa chimene chimatsatira. Ndinalandirapo mawu otero ndili ndi zaka 12, ndipo ndimawakumbukira mpaka lero. Iye anangowerama, kutalika konse kuja, n'kuutola yekha, kuugunditsa pansi kangapo, n'kuseva. Mwina sanaganizeko n'komwe. Mwina anali wotopa kwambiri moti analibe mphamvu zokalipa. Koma ine ndinaona.

Tie-break imeneyo anaitenga 7-5. Phokoso lake mipando inanjenjemera pansi pa mapazi, ndipo m'dziko la zivomezi lino ndinayamba ndayang'ana anzanga ngati akuthawa. Seti yachitatu Etcheverry anaphwa. 6-7, 7-6, 6-2, pafupifupi maola atatu. Chikho chachiwiri cha moyo wake, patadutsa zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri chitengereni choyamba chija.

Pomufunsa mafunso pabwalo ananyamula mwana wake wakhanda pamkono. Bambo akuyesa kulankhula, mawu akunjenjemera, kamwanako kanaona chinkuzamawu, n'kuchigwira ndi manja awiri, kufuna kuchiika m'kamwa. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Mdzukulutuvi wa a Jaime Fillol, pabwalo la a Jaime Fillol, osadziwa kanthu za Madrid kapena mavitamini.

Mphunzitsi uja sindinamuonenso lero, mipando yathu inali yosiyana. Amene anandikumbatira ndi munthu amene sindikumudziwa, wonunkha mowa, akundiuza zinthu zambiri m'Chisipanishi. Ndinamuyankha m'Chichewa, tinamvana. Basi yotsika inali yodzaza, ndinayenda wapansi mtunda wautali ndithu ndi khamu la anthu, magalimoto akuliza mahutala. Ndinatumiza uthenga kunyumba, kuiwala kuti kumeneko ali patsogolo ndi maola asanu ndipo ndi pakati pa usiku. Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Mphesazo zikupsa usiku, bambo?"

Lolemba, 6 Malichi

Mawu andithera. Ndikayesa kulankhula kukungotuluka mphepo, ndipo amayi andipatsa madzi otentha a ndimu ndi uchi, akuseka. Mdzukulu wandionetsa pafoni mndandanda watsopano wa ATP, umene umatuluka Lolemba lililonse: chikho chadzulo chabweretsa mapointi 250, Jarry ali pa nambala 52. Ndiye kuti ku Roland Garros, umodzi mwa mipikisano ikuluikulu inayi ija, mu Meyi sakayambiranso kudzigulira malo. Amayi akuti 52 ndi pang'ono, Ríos anali 1. Koma nyuzipepala ya lero aidula kale chithunzi, chili pachitseko cha firiji.

Ndinakonza zokwera phiri la San Cristóbal kuti ndione mzinda wonse, koma miyendo yakana. M'malo mwake ndalowa m'sitolo ya zamasewera ku Providencia. Raketi imodzi yatsopano mtengo wake ndinauwerengera m'makwacha kawiri, kuganiza kuti ndalakwitsa, n'kuibwezera pamalo pake mwaulemu. Ndagula zitini zinayi za mipira ndi zingwe za raketi, za ana amene amasewera Loweruka pabwalo long'ambika la pafupi ndi kwathu. Ndagulanso botolo limodzi la vinyo, umboni wa minda ya mphesa.

Masana ndachapa. Masokosi oyera amene ndinavala masiku atatu aja asanduka ofiira m'mphepete, ngakhale sindinaponde m'bwalo, fumbi lake limachita kukupeza pampando. Ndafikisa ndi sopo kawiri, sizikuchoka. Amayi anabwera kudzaona, n'kupukusa mutu, akuti ndingowasiya, njerwa imeneyo siichoka. Ndawayanika pawindo. Ndege ndi mawa m'mawa, kudzera ku São Paulo ndi Addis Ababa, ndipo kambendera kaja akana kukalandira.